Nkhope ya Pakhoma la Saluni

Achimwene anga ankajambula pamakoma. Mukafunsa anthu a mumsewu wathu kuti ankagwira ntchito yanji, ambiri adzakuyankhani kuti anali opaka penti, ngati kuti anali m'gulu la aja amangoviika burashi m'chitini n'kupaka nyumba yonse mtundu umodzi. Umenewo ndi mwano, ndipo wondiuza choncho pamaso sindimusiya apite. Achimwene akafika pakhoma lopanda kanthu, pochokapo pankakhala pataima ng'ombe, kapena mutu wa munthu wometedwa bwino, kapena nsomba yoti mwana wodutsa aime n'kuiloza. Ndikulemba izi kuti adzukulu anga adzakhale ndi powerenga, chifukwa pamakoma paja sipanatsale choti ndingawalozere.

Tinabadwa awiri okha, iwo patsogolo ine pambuyo. Tinakulira m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa kashedi kamene bambo athu ankakonzeramo njinga. Bambo ankafuna kuti mwana wawo wamwamuna adzagwire sipanala. Koma achimwene akapatsidwa chubu kuti amate, ankaiwala guluu akuuma, maso ali pa galu wogona pamthunzi. Madzulo ankatola makala m'mbaula n'kukamujambula galuyo pakhoma la kuseri. Tsiku lina anajambula eni nyumba athu, mimba patsogolo, makiyi m'manja, ndipo anafanana kwambiri moti aliyense wopita kuchimbudzi ankabwerako akuseka. Bambo anawakwapula n'kulamula kuti khomalo litsukidwe. Chimene ndimakumbukira ine ndi amayi. Nthawi zonse zoterezi ankabwera ndi beseni la madzi monga alamulidwira, koma ankayamba aliika pansi, n'kuima kaye, manja m'chiuno, kuyang'ana. Akatha kuyang'ana ndi pamene ankapereka chisanza. Sanayamikirepo, poopa bambo. Achimwene atakalamba anandiuza kuti kuima kwa amayi kuja ndi kumene kunawapanga mmisiri.

Sukulu sinawayanje. Ankati zilembo zimawathawa, zina zimatembenuka zikaona kuti akuziyang'ana. Anasiya msanga. Ine ndinapitirirako pang'ono mpaka pamene ukwati unandipeza, ndipo moyo wawo wonse ankanditchula kuti aphunzitsi. Dzinali linakhazikika chifukwa cha telala wina wa pafupi ndi msika, amene anawapatsa ntchito yolemba pamwamba pa chitseko kuti TIMASOKA ZOVALA. Achimwene anajambula makina osokera okongola, ulusi uli lendelende, kenako n'kulemba ndi zilembo zazikulu zofiira kuti TIMASOWA ZOVALA. Anthu anaseka mlungu wathunthu. Wina anachita kukasiya malaya ong'ambika pakhomo pa telalayo, akuti timuthandizeko mnzathu. Kuyambira pamenepo mawu alionse ankayamba abwera nawo kwa ine kuti ndiwalembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, iwo n'kumakopera chimodzichimodzi monga mmene angajambulire mipando.

Anthu ankawatchula a Burashi, chifukwa ankapachika kaburashi kukhutu n'kuiwala kuti kali komweko. Analowa nako m'tchalitchi, anapita nako kumaliro, ndipo patsiku la ukwati wanga ndinachita kukachotsa ndekha tili pakhomo. Anakwatirapo kamodzi. Alamu angawo anapirira zaka zingapo, kenako anapakira katundu, akuti atopa ndi nyumba imene chilichonse chimanunkha palafini wotsukira maburashi, ngakhale tiyi. Sindinawade, chifukwa tiyi ameneyo ndinamumwapo. Mwana sanasiyirane, choncho ana anga ndiwo anali ana awo.

Anali ndi kagwiridwe kawokawo. Pojambula munthu sankayambira pamphumi kapena pamphuno, ankayambira kukhutu. Ankati pakamwa ndi pamaso pamadziwa kuti pakujambulidwa, ndiye pamayamba kunyada, pamene khutu silidziwa kanthu, limangokhala mmene Mulungu analiikira. Ukalipeza khutu, tsaya limabwera lokha, chibwano n'kutsatira. Maso ankawasiya mpaka pomaliza penipeni. Eni masitolo ankadandaula kuti mitu yopanda maso ikuopseza makasitomala, iwo n'kumangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana wanga wachisamba, wamkazi, ankaluka tsitsi pa saluni ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ometera. Mayi mwini saluniyo anaitana achimwene kuti ajambule pakhoma la kutsogolo mitu itatu ya akazi, uliwonse ndi malukidwe ake. Iwiri ya m'mbali anaitenga m'mutu mwawo. Wapakati anati akufuna munthu weniweni, ndipo anakhazika mwana wanga pampando panja pomwepo. Tsiku limenelo ndinalipo, ndinabwera ndi pepala la mawu. Atamaliza, msewu wonse unkati ndi iyeyo, kungotsala kupereka moni.

Patapita zaka zochepa mwana wangayo anakwatiwa, anabereka mwana wamkazi, kenako anadwala. Za matendawo sindilemba. Anatisiya khandalo lisanayambe kuyenda. Mkamwini wanga analira mokwanira, koma chaka chisanathe anali atapeza wina, ndipo anafuna kutenga mwana. Ndinamuuza kuti akafuna mwana ameneyu ayambe wandikwirira ine. Anapita yekha.

Zithunzi za malemu zinali mu sutikesi pamwamba pa kabati. Chaka cha mvula yambiri denga linadontha pamenepo ife osadziwa, ndipo pamene tinkatsegula tinapeza zonse zitamatana, nkhope zitasungunuka. Chinapulumuka chimodzi cha gulu la kwaya, iye ali kumbuyo, mutu wake waung'ono ngati nyemba. Motero nkhope ya mwana wanga inatsala pamalo amodzi okha padziko lapansi, pakhoma la saluni. Ndinasintha njira yopita kumsika kuti ndizidutsa pamenepo. Ndinkabereka mdzukulu wanga, n'kuima, n'kutembenuka cham'mbali kuti naye aone amayi ake. Ndinkamufotokozera mwana wanga kuti mano ayamba kumera, kuti lero wayenda, kuti tamulembetsa sukulu. Ena ankati ndazungulira mutu. Ndinkawasiya alankhule, sanaikepo mwana m'manda.

Mdzukuluyo anakula ndi nthenda yojambula ya agogo ake aamuna, achimwene angawo. Ankabwera kuchokera kusukulu matumba a yunifolomu ali mbuu ndi tizidutswa ta choko totola pansi pa bolodi, n'kumajambula pasimenti ya pakhonde, pachitseko, ngakhale kunsi kwa mbale. Achimwene ndiwo anamupatsa dzina loti Kachoko. Aphunzitsi ake anandiitanapo kuti m'kope la masamu mwadzaza nkhope zawo. Ndinapempha kuti ndione, ndipo ndinawauza kuti za masamu ndikamukalipira, koma mphuno yawo waikhoza. Bambo ake atamva anatumiza uthenga kuti mwana aletsedwe, kujambula ndi njira ya umphawi, taonani a Burashi. Ndinabweza yankho lakuti a Burashi sanatayepo mwana wa munthu. Uthenga wina sunabwerenso.

Achimwene ankamupatsa maburashi otha ndi makatoni akale. Sankamugwira dzanja. Ankangokhala naye pakhonde n'kumamufunsa kuti mthunzi wa ndowa wagwera mbali iti, mphaka akagona amaika kuti mchira. Akajambula chosaoneka bwino sankamunamiza. Ankati amisiri, mbuzi yanuyi ikufuna kuchipatala.

Nthawi imeneyo n'kuti ntchito yawo ikufa. Kunabwera makina osindikiza zikwangwani pamapulasitiki, okhala ndi zithunzi za anthu osadziwika a mano oyera mbee. Munthu amangopita m'mawa, masana wapachika. Makoma aja anayamba kuphimbidwa limodzilimodzi. Ng'ombe ya pabutchala inapita, nsomba inapita, makina osokera anapita pamodzi ndi telalayo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzawauza kuti bambo, mawa tikufufuta ntchito yanu. Ankangozindikira podutsa. Sankadandaula, ankafika kunyumba n'kunena kuti ng'ombe ija yagulitsidwa. Kenako manja anayamba kunjenjemera, maso n'kuchita ng'ala. Ndinakawatenga kuchipinda chawo cha lendi n'kuwapatsa chipinda cha kuseri m'nyumba mwanga. Anabwera ndi bulangete, makwerero, ndi zitini za penti zimene anakana kutaya.

Chaka chimene Kachoko anali pafupi kumaliza sekondale, mayi wa saluni anatseka n'kubwerera kwawo, ndipo nyumbayo inagulidwa ndi bambo wina wogulitsa mafoni. Ndinamva kwa wometa wa pafupi kuti kutsogolo konse kupakidwa mtundu umodzi wa kampani ya mafoniwo, kuyambira kudenga mpaka pansi. Ndinavala zovala zanga zabwino n'kupita, Kachoko ali pambuyo. Ndinali nditakonzeka kukangana, koma munthuyo anali waulemu. Anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto, anapepesa. Anati anagwirizana kale ndi a kampani ndipo sangabwerere m'mbuyo. Chimene angathe n'kuwachedwetsa mpaka kutha kwa mwezi. Kenako anatuluka nafe panja, anajambula khomalo ndi foni yake n'kundionetsa, akuti amayi, apa ndiye mwasunga.

Ndinayang'ana pafonipo ndipo sindinamuone mwana wanga. Panali khoma lothimbirira, mizere ya madzi a mvula, chithunzithunzi cha mutu, ndipo pamalo pa maso panali timadontho tiwiri totuwa. Ndinamuuza kuti foni yake ndi yabodza. Kachoko anandigwira mkono.

"Agogo, foniyo siinaname," anatero motsitsa mawu. "Maso aja anafufutika ine ndili wamng'ono. Inu mumawaona chifukwa mumawadziwa. Ine sindinawaonepo bwinobwino."

Ndinatembenukira kukhoma, ndinaliyang'ana monga mmene mlendo angaliyang'anire, ndipo zinali zoona. Dzuwa la masana limamenya khoma limenelo molunjika, ndipo linali litadya pang'onopang'ono ine osazindikira. Zaka zonsezo ndinkalozera mwana kuti amayi ako awo, iye n'kumavomera kuti asandikhumudwitse.

Madzulo ake ndinawafotokozera achimwene, ndipo sindinawapemphe, ndinawauza kuti nkhopeyo aisamutsire pathabwa mwezi usanathe, ndi maso omwe. Iwo ndiwo anawajambula, iwo ndiwo awabweze. Iwo anangofunsa ngati kalipentala wa kuseri angatipatseko thabwa losalala.

M'mawa mwake tinapita tonse atatu. Anaimika thabwa pambali pa khoma, anaviika burashi, anakweza dzanja. Mzere woyamba unatsika ukupindikapindika ngati nyongolotsi. Anafufuta ndi chisanza, anagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, anayesanso. Penti anadonthera pansapato zawo. Anaiyang'ana burashiyo kwa kanthawi, kenako anaitembenuza, chogwirira kutsogolo, n'kuipereka kwa mdzukulu wawo.

"Amisiri, gwirani. Ine ndikhala pakamwa, inu mukhale manja."

Mwanayo anakana. Anati sanajambulepo ndi penti pathabwa lalikulu chotero, ndipo awa ndi amayi ake, akalakwitsa adzadzida moyo wonse. Achimwene anati iwonso anaononga ng'ombe zambiri ya pabutchala ija isanaime, ndipo palibe inawasumira. Anamuuza ayambire kukhutu.

Kuyambira tsiku limenelo, Kachoko akaweruka kusukulu ankasintha zovala n'kuwatsogolera agogo akewo kusaluni, ine ndikunyamula zitini. Achimwene ankayandikira khoma mpaka mphuno kuligunda, n'kumayendetsa chala pamizere yakale, chifukwa pamene diso silinkaona, chala chinkamva pamene penti anatukuka. Akatero ankanena kuti apa tsitsa, apa pinda, tsaya ili ndi lodzaza kuposa linzake chifukwa ankatafunira mbali imodzi. Anamuphunzitsanso kusakaniza khungu la munthu. Mwanayo atafikira chitini cha penti wakuda anamumenya dzanja pang'ono, akuti palibe munthu wakuda ngati tayala. Atenge wofiira, wachikasu ndi kadontho ka wabuluu, asakanize mpaka aone mkono wa agogo ake aakaziwo.

Wometa uja, mnzawo wa zaka zambiri, ankatuluka ndi lumo m'manja kudzawaseka.

"A Burashi, mwafika polemba ntchito mwana wa sukulu? Nanga muzimulipira chiyani, ng'ala?"

"Inu khalani chete, a Mpala," anayankha achimwene. "Mwameta mitu zaka zonsezi, ndani anaimapo pamsewu kuti aone ntchito yanu? Mlungu umodzi yamera, yatha."

"Yanunso ikutha mwezi uno," anatero wometayo.

Anangoti kunena, anazindikira. Palibe anaseka. Analowa m'shopu mwake, ndipo mawa lake tinapeza atatulutsa mpando wake wabwino, wa makasitomala, kuti achimwene azikhalapo. Ankautulutsa tsiku lililonse mpaka pamapeto.

Khutu linatha, tsaya linatha, chibwano, pakamwa ndi kampata kake ka pakati pa mano, malukidwe a tsitsi mzere ndi mzere. Anthu odutsa anayamba kuima. Amayi ena amene analukidwapo ndi mwana wanga anagwira pakamwa. Aliyense wofuna kudziwa kuti wojambulayo ndi mwana wa ndani ndinkamuyankha asanamalize n'komwe kufunsa.

Panatsala maso. Apa ndi pamene achimwene anayamba kuzemba. Lero akuti kuwala sikuli bwino. Mawa akuti penti walimba, tipeze palafini wina. Tsiku lina anadzuka akuti mutu. Ndinkadziwa kuti maso amawachedwetsa nthawi zonse, choncho poyamba ndinapirira. Koma mwezi unali kutha, ndipo masana ena titafika tinapeza anthu a kampani atabwera kale ndi ndowa zikuluzikulu za penti ndi zopakira za mitengo italiitali. Anali atayambira kumbali ya sitolo ya nsapato, akubwera. Mwini nyumba anandipepesa, anati wawagwira mmene akanathera.

Ndinaima patsogolo pa mpando wa achimwene.

"Achimwene, nthawi yatha. Muuzeni mwanayu maso a mayi ake."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Chemwali, khalani pansi."

"Sindikhala."

"Maso amene anali pakhomapo sanali ake."

Ndinaganiza kuti ukalamba wawalowa m'mutu. Koma anafotokoza bwinobwino, mawu ali phee. Anati tsiku lija anagwira zonse mwana wanga atakhala pampando, koma atafika pamaso kunabwera kasitomala wa ukwati, mayi wa saluni n'kumuitana kuti alowe. Penti anali atasakaniza kale, akuuma, ndipo mwini khoma ankafuna ntchito ithe tsiku lomwelo. Atayang'ana uku ndi uku anaona ine nditakhala pachitini, ndikuwakalipira za malaya amene anadetsa. Anaganiza kuti mwana ndi mayi ake sasiyana kwenikweni, ndipo ichi chinali chikwangwani cha saluni chabe, choti chikhala zaka zingapo n'kufufutidwa. Ndani akanadziwa?

"Anali maso anu, chemwali. Atamwalira ndinafuna kukuuzani, koma ndinakuonani mutaima apa ndi khanda kumsana, mukulankhula ndi khomali. Ndikanayambira pati?"

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezo ndinkazungulira njira yaitali, mvula ndi dzuwa, kudzayang'anizana ndi maso anga omwe. Ndinawauza mawu owawa amene sindiwalemba pano, chifukwa za m'banja zina zimathera m'banja. Kenako ndinati chabwino, zapita. Tsopano anene maso enieniwo, poti anamuyang'ana tsiku lonse.

Anati akhala akuyesa chiyambireni ntchitoyi, ndipo n'chifukwa chake ankazemba. Vuto linali lakuti mwana wa mlongo wawoyo sankatha kuwayang'ana osaseka. Akangoti tayang'ana kuno, iye ankaphulika, akuti amalume, burashi ya kukhutuyo ikukudontherani. Ndipo akaseka masaya ankakwera, maso n'kutsekeka, kungotsala timizere tiwiri ndi nsidze.

"Ndi zokhazo zimene ndili nazo," anatero. "Ndikamufuna, amabwera akuseka, maso atatseka."

Kachoko, amene nthawi yonseyi anali chiimire ndi burashi m'manja, anati ndiye ajambula amenewo.

Ndinakana kwa mtu wa galu. Maso a mwana wanga ndinawatseka ine ndi dzanja ili m'chipatala, ndipo sindinkafuna kuwaonanso otseka pakhoma la m'nyumba mwanga. Ndinamuuza kuti ajambule anga omwewo monga zinalili, bola akhale otsegula.

"Anuwo ndimawaona tsiku lililonse, agogo," anatero. "Ngati mukuwakumbukira a amayi, ndiuzeni inuyo. Ndijambula mmene munenere."

Ndinatsegula pakamwa. Ndine ndinamubereka, ndinamuyamwitsa akundiyang'ana, ndinamuyang'ana m'maso pomukalipira ndi pomudwazika. Ndinafufuza m'mutu monse. Ndinapeza mawu ake, mayendedwe ake, chipsera cha pabondo. Koma ndikafika pamaso ankabwera a pakhoma aja. Ndinali nditawayang'ana nthawi yaitali kwambiri moti anaphimba enieniwo. Ndinatseka pakamwa, ndipo mwanayo anamva.

Anatembenuza thabwa lake n'kulifulatira khoma, popeza panalibenso choti atengepo. Achimwene anasendeza mpando pafupi naye n'kuyamba kunena motsitsa kuti kweza tsaya, khwinya apa pang'ono, mzerewo ukhale ngati kaphiri, ukakhala ngati mbale ndi wa munthu wogona. Ine ndinayang'ana kukhoma. Anthu aja anaphimba mutu woyamba akucheza za mpira. Atafika pa wapakati, wamkulu wawo anandiyang'ana, ndipo ndinagwedeza mutu kuti apitirize. Chopakira chinakwera n'kutsika kangapo basi. Ntchito imene inapirira dzuwa zaka zonsezo inatha msanga kuposa kutsuka mbale. Wometa anazimitsa wailesi yake. Achimwene sanatembenuke, anangofunsa ngati atha, ndipo nditavomera anavalanso chipewa.

Thabwalo linabwera kunyumba tsiku lomwelo. Sindinaliyang'ane. Ndinalamula kuti aliike kuseri kwa kabati, nkhope italoza kukhoma, ndipo Kachoko anamvera. Kwa milungu ingapo sindinkalankhula ndi achimwene kupatula zofunika. Chakudya ndinkawapatsa pa nthawi yake, malaya ndinkawachapira, madzi osamba ndinkawatenthetsera, pakuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma kucheza kwa pakhonde kunatha. Iwo sanandichonderere. Kamodzi kokha, ndikuwapatsa tiyi, anati aphunzitsi a masiku ano amachedwa kuchonga ntchito ya ana.

Pamenepo anali kunena zoona, chifukwa amene ankalangika ndi mwana amene sanalakwe. Ndinaona kuti wasiya kujambula, maburashi ake atauma gwaa m'chitini, ndipo madzulo ankangokhala manja ali pamiyendo. Zimenezo sindikanalola m'nyumba mwanga. M'mawa wina iye atapita kusukulu, ndikusesa, ndinasuntha kabati n'kulitembenuza thabwalo.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Masaya anali m'mwamba, kampata ka mano kali poyera, nsidze zitakwera. Zaka zonse za pakhoma la saluni ndinkamuona mwana wanga, koma sindinamumvepo. M'mawa umenewo ndinamumva, kuseka kuja kokoka mpweya ngati wotsamwa, kumene ndinkamuletsa pagulu kuti anthu aziti waleredwa kuti.

Ndinapita kuchipinda cha kuseri. Achimwene anali atakhala pabedi, akulimbana ndi mabatani a malaya.

"Ndaona," ndinatero.

Manja awo anaima. Iwo eni sankatha kuliona thabwalo. Pamaso pawo linali chifunga chabe, ndipo nthawi yonseyi analibe wowauza.

"Akuseka, kapena wagona?"

"Akuseka."

"Ndiye mumuuze mmisiriyo, osati ine."

Ndinawamangira mabataniwo. Mwanayo atabwera anapeza thabwa lili pakhoma la pabalaza. Ndinamuuza kuti wakhoza, ndipo kuti penti akamuthera azinena. Anatenga chitini cha maburashi n'kupita nacho kuseri kukawanyika m'palafini.

Achimwene anatisiya nyengo yozizira itayamba, mwakachetechete. Kumaliro kunabwera wometa ndi kalipentala. Eni masitolo amene makoma awo anakometsedwa ndi manja amenewo, amene makasitomala ankawapeza pofunsa kuti pa ng'ombe paja ndi pati, pa nsomba paja ndi pati, sindinaonepo ndi mmodzi yemwe. Ndikuwadziwa onse, ndipo akawerenga izi adzizindikira. Makwerero ndi zitini zija ndi za Kachoko tsopano. Akufuna kukaphunzira zojambula, ndipo ndamva kuti bambo ake ayambanso kulankhula. Alankhule, adzatopa.

Koma sindinama kuti thabwa lija linandichiritsa. Maso a mwana wanga sindinawapezebe, ndipo amene akanandithandiza kuwafunafuna apita. Masiku ambiri ndikalowa pabalaza ndimamupeza akuseka. Pali masiku ena, makamaka kukachita mitambo, kuwala kukachepa m'nyumba, pamene timizere tiwiri tija timagona, ndipo ndimaona bedi la kuchipatala ndi dzanja langa. Masiku otero ndimatenga nsalu ya patebulo n'kuphimba. Mdzukulu wanga akabwera n'kupeza paphimbidwa safunsa, amangolowa kukhitchini kukateleka madzi. Mlungu uno nsaluyo yakhalapo chiyambire Lolemba. Mwina mawa kukacha bwino ndiichotsa.